NYUMBA SIIKULA NGATI DZUNGU

Banja likakula, nyumba imacepa. Ana amene dzana anali kugona pa mphasa imodzi, lero ndi anyamata ndi atsikana, ndipo sayenera kugonanso m'cipinda cimodzi. Apongozi akalamba, afuna pokhala pafupi ndi cipatala. Tsono mwini nyumba azungulira kuseri, naona mpata, nati, "Apa ndiphatikapo cipinda." M'mawa mwace aitana mmisiri. Mmisiri alemba mzere pansi ndi cala ca kuphazi, anyamata nayamba kukumba. Palibe wayesa malo, palibe waona maziko akale, palibe wawerenga ndalama.

Kufuna cipinda cina si kulakwa iai. Munthu wofuna kuti ana ace agone mwaulemu ndiye kholo lenileni. Cimene nditsutsa m'kabuku aka ndi khalidwe lophatika cipinda mwacisawawa, monga ngati nyumba ndi dzungu limene limangoyanga lokha kulikonse kumene lapeza malo. Khalidwe limeneli ladzaza midzi ndi mizinda yathu. Likutha ndalama za anthu osauka, likudanitsa anansi, ndipo nthawi zina likupha anthu ali m'tulo.

MAKOLO ATHU SANALI KUPHATIKA

Ena amati, "Zoyesayesa ndi zolembalemba nza Azungu, ife timanga monga anamangira makolo." Mau amenewa ngabodza, ndipo anamizira makolo athu.

Makolo sanali kuphatika nyumba pa nyumba inzace. Mnyamata akasinkhuka anali kukagona ku mphala kapena ku gowelo. Atsikana anali kugona ku kuka kwa agogo ao. Nkhokwe inali payokha, khola palokha. Nyumba iriyonse inali ndi denga lacelace, ndipo pakati pa nyumba panali bwalo lopita mphepo. Posankha malo, akulu anali kuyamba ayang'ana kumene madzi amadzera nthawi ya dzinja. Kumeneko ndiko kulinganiza, ngakhale analibe pepala.

Ndiponso nyumba zao zinali za mitengo, dothi ndi udzu, zinthu zopepuka. Ife timanga ndi njerwa, simenti ndi malata. Khoma la njerwa likagwera mwana, sadzukanso. Anthunso tacuruka. Pa kalembera wa caka ca 1966 m'Malawi munali anthu 4 miliyoni ndi pang'ono; pa kalembera wa 2018 anapezeka oposa 17 miliyoni. Dziko silinakule. M'tauni mapuloti ngocepa, ndipo khoma la munthu liri pafupi ndi zenera la mnzace. Cifukwa cace ife tiyenera kusamala koposa makolo, osati kucepera apo.

CIMENE CIMACITIKA PANSI PA NTHAKA

Nyumba yakale inakhazikika kale. Kulemera kwace kwatsendereza dothi zaka zambiri, ndipo siitsikanso. Cipinda catsopano cikamangidwa, dothi la pansi pace liyamba kumene kutsenderezeka. Cakale ciri ciimire, catsopano ciri kutsika pang'onopang'ono. Ndico cifukwa cace mumaona mng'alu woyambira ku denga kufikira pansi, pamalo penipeni pamene makoma awiri anakomana. Mwini amata mng'aluwo ndi simenti, caka camawa utsegukanso. Ena amati ndi ufiti wa anansi. Si ufiti, ndi maziko osaya.

Maziko a cipinda catsopano asacepere akale. Kumbani kupitirira dothi lakuda la pamwamba kufikira mutapeza dothi lolimba. M'lifupi mwa ngalande mukhale ngati katatu kucindikala kwa khoma: khoma la masentimita 23 lifuna ngalande ya masentimita 60 kapena 70. Pa katondo nchito njosabvuta. Koma pa makande, dothi lakuda la m'dambo, cenjerani, pakuti limatupa m'dzinja ndi kung'aluka m'cilimwe, ndipo limanyamula nyumba ndi kuitsitsa caka ndi caka. Musamange pa dzala lakale, kapena pa cimbudzi cokwiriridwa, kapena pa dzenje limene munaumbapo njerwa. Pokumba m'mbali mwa nyumba yakale musafukule kunsi kwa maziko ace, mungaigwetse musanayambe nkumanga komwe.

Pamwamba pa maziko yalani pepala lolimba la pulasitiki lisanayambe khoma. Mtengo wace ngwocepa, koma limaletsa cinyezi kukwera. Nyumba zimene muziona zitabvunda m'munsi, pulasitala ali kugwa ngati ufa, ndizo zimene eni ace anakana kugula pepalali.

KULUMIKIZA CAKALE NDI CATSOPANO

Khoma latsopano longotsamira pa lakale liri ngati mlendo woima pakhomo: tsiku lina adzacoka. Liyenera kumangirizidwa ndi waya wolimba kapena timalamba ta citsulo tolowa m'khoma lakale pa mzere wacitatu kapena wacinai uliwonse. Pamwamba pa zitseko ndi mazenera pazungulire bimu ya konkire yokhala ndi zitsulo m'kati, ndipo ilumikizike ndi nyumba yakale. Bimu ndiyo lamba wa nyumba. Amene aidumpha kuti apulumutse matumba ocepa a simenti ali ngati munthu womanga mtolo wa nkhuni wopanda luzi.

Coopsa cina ndi kuboola khoma lakale kuti pakhale khomo. Ndi angati amangotenga hamala ndi kuyamba kugumula? Khoma limenelo lasenza denga. Musanacotse njerwa ngakhale imodzi, cirikizani denga ndi mizati, ikani mtanda wa konkire pamwamba pa khomolo, wolowa m'khoma masentimita 20 uku ndi uku, ndipo pamenepo gumulani za m'munsi. Khomo kapena zenera lisayandikire ngondya ya nyumba. Siyani masentimita 60 kapena kuposa, pakuti mphamvu ya nyumba iri m'ngondya.

Za simenti ndinenepo mosabisa. Mmisiri wofuna kukondweretsa mwini nyumba amati, "Thumba limodzi ndikhoza kulikoka." Kukoka kwace ndiko kucurukitsa mcenga. Matope omangira asapitirire ndowa 6 za mcenga pa ndowa imodzi ya simenti. Konkire ya bimu ikhale ndowa imodzi ya simenti, 2 za mcenga, 4 za miyala ya kwale. Mcenga ukhale woyera, wopanda dothi. Mukathira konkire, muziithirira madzi masiku 7, cifukwa simenti siilimba ndi kuuma koma ndi madzi, ndipo mphamvu yace yokwanira imafika patapita masiku 28. Njerwa yopsya bwino imalira mukaigogoda ndi inzace. Yosapsya imafumbutuka m'manja. Mabuloko a simenti nawonso alipo abwino ndi acinyengo: buloko logumuka ndi cikhadabo musaligule, ngakhale litachipa motani.

DENGA

Ophatika ambiri amayamba denga latsopano kunsi kwa denga lakale. Cipinda coyamba cikhala cacifupi. Akaphatikanso cina, cikhala cacifupi koposa, kufikira munthu alowa cowerama ngati alowa m'khola la nkhuku. Denga lotere silitsetsereka mokwanira. Madzi amaima, malata nacita dzimbiri, ndipo mvula ya mphepo imabwerera m'kati. Pamene madenga awiri akomana ndipo pamadontha nyumba zambiri. Pamenepo pafunika lata lopindidwa bwino, lolowa m'khoma, osati nsanza ndi phula.

Pogula malata dziwani kuti nambala ya geji ikakula, lata limapyapyala: geji 28 njocindikala kuposa geji 32. Mitengo ya denga imangidwe ndi waya wolowa m'khoma mizere ingapo pansi, kapena wogwira m'bimu. Miyala ndi matayala akutha zimene tisanjika pamwamba pa malata ndi umboni wotitsutsa, wakuti denga silinamangidwe. Denga la khonde likhale palokha, kuti mphepo ikalinyamula isatenge ndi denga la nyumba yonse. Mitengo yonse ipakidwe mankhwala a ciswe isanakwere.

CIPINDA COPANDA MPWEYA

Pali cinthu cina cimene sicigwetsa khoma, koma cimadwalitsa anthu. Cipinda catsopano kawirikawiri cimatseka zenera la cipinda cakale. Mwini amati, "Palibe kanthu, ncogonamo cabe." Kodi munthu wogona sapuma? Cipinda cokhalamo anthu cifuna zenera lotseguka kunja, lalikulu ngati gawo limodzi la magawo 10 a pansi pace. M'cipinda ca mdima ndi cinyezi cifuwa cacikulu cimapatsirana msanga. Mbaula ya makala m'cipinda cotsekeka imatulutsa mpweya wakupha, wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo anthu amagona osadzukanso.

Apa ndilankhule ndi inu eni mapuloti amene mumaphatika zipinda za lendi. Mwadzaza puloti lonse, kucokera ku mpanda kufikira ku mpanda. Mabanja asanu ndi limodzi, cimbudzi cimodzi, ndipo cimbudzico ciri pafupi ndi citsime. Cimbudzi ca dzenje ciyenera kutalikira citsime mamita 30, ndi kukhala kumunsi kwace. Kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo nthenda imeneyi imayenda m'madzi odetsedwa ndi zonyansa za anthu. Mwasiya kanjira kakang'ono kopita munthu cammbali. Moto ukabuka, ana adzathawira kuti? Wodwala adzanyamulidwa bwanji? Maliro akagwa, bokosi lidzatulukira pati? Ndalama ya lendi mulandira ndinu, koma ogona m'menemo ndi ana a anzanu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

KUKWERA M'MWAMBA

Malo a pansi akatha, maso amayang'ana kumwamba. Ena aona zithunzi za ku Britain, kumene anthu amasandutsa mpata wa kunsi kwa denga kukhala cipinda, nafuna kucita comweco. Koma nyumba zambiri za kumeneko ziri ndi madenga aatali osongoka, ndipo ngakhale komweko salola munthu kugonamo asanaike mitanda yatsopano yosenza pansi, makwerero oyenera ndi njira yothawira moto. Madenga athu a malata ngafupi. Munthu sangaimirire m'kati mwace. Timitengo ta siling'i tinaikidwa kuti tigwire siling'i yokha, osati bedi ndi anthu. Wodula mitanda ya denga kuti apeze malo wadula nthiti za nyumba. Ndipo ndani angagone kunsi kwa lata m'mwezi wa Okutobala?

Ena amafuna kusanja nyumba yina pamwamba pa yakale. Tiyeni tiwerenge pamodzi. Konkire yocindikala masentimita 15 imalemera makilogalamu 360 pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Cipinda ca mamita 4 uku ndi 4 uku cifuna konkire yolemera makilogalamu 5,760. Kumeneko ndiko kulemera kwa matumba a cimanga 115. Onjezanipo makoma a pamwamba, denga, katundu ndi anthu. Kodi mungasanjike matumba 115 pamwamba pa makoma amene anamangidwa kuti asenze malata okha, ana anu nkugona kunsi kwace? Nchito yotere si ya mmisiri wa njerwa yekha. Ifuna injiniya wobvomerezeka, amene adzafukula maziko, nayesa makoma, nawerenga zitsulo. Akanena kuti nyumbayo singathe, mverani.

DZIKO LIMENE TIMANGAPO

Tisaiwale kuti dziko lathu liri m'cigwa cacikulu cimene nthaka yace imagwedezeka. Cibvomezi cinagwetsa nyumba ku Salima m'caka ca 1989. M'mwezi wa Disembala 2009 zibvomezi zinatsatana ku Karonga, ndipo nyumba zikwi zambiri zinagwa kapena kung'aluka. Cibvomezi cimafuna pofooka: pa ngondya zosalumikizika, pa makoma opanda bimu, pa cipinda cotsamira.

M'mwezi wa Marici 2023 namondwe Freddy anagwetsa mvula yoopsa m'cigawo ca kumwera. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osaonekanso. Sindinena kuti anthu amenewo anadziphetsa. Ambiri anakhala m'malo otero cifukwa ca kusowa pokhala, ndipo madzi aja anakokolola ndi nyumba zolimba zomwe. Koma ife otsala tiphunzirepo. Munthu amene lero asema phiri kuseri kwa nyumba yace kuti apeze malo a cipinda, kapena atseka ngalande ya madzi ndi khoma, kapena asendeza nyumba kufupi ndi mtsinje, aika moyo wa banja lace ndi wa anansi a kumunsi kwace pa ngozi. Madzi saiwala khwawa.

MAYANKHO KWA OTSUTSA

Wina adzati, "Mau anu ngabwino, koma ngoyenera olemera. Ine ndiribe ndalama za pulani." Ndiyankha kuti wosauka ndiye woyenera kusamala koposa, pakuti alibe ndalama zomangira kawiri. Wolemera khoma likagwa amanganso. Wosauka amabwerera pa mphasa ya m'bale wace. Ndipo zambiri zimene ndachulazi sizifuna ndalama. Kuyesa malo ndi cingwe, kukumba kufikira polimba, kuthirira konkire madzi, kusiya mpata wa zenera, zonsezi zifuna kudekha cabe.

Wina adzati, "Mmisiri wanga wamanga nyumba zambiri, adziwa yekha." Alipo amisiri aluso ndi okhulupirika, ndipo tiwalemekeza. Koma mmisiri wabwino sakwiya mukamfunsa kuya kwa maziko. Amakondwa kuti wapeza mwini nyumba womva. Wokwiya ndi funso ali ndi cimene abisa. Pitani mukaone nyumba zimene anamanga zaka zisanu zapitazo, osati ya mwezi watha, pakuti utoto watsopano umabisa zambiri. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina adzati, "Puloti ndi langa, a khonsolo afunanji pa nyumba yanga?" Puloti ndi lanu, koma madzi ocoka pa denga lanu agwera kwa mnzanu, ndipo moto wa m'nyumba mwanu sudziwa malire. Pansi pa puloti pangakhale mipope ya madzi, pamwamba pace mawaya a magetsi. Cifukwa cace pali lamulo la kalinganizidwe ka malo, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'caka ca 2016, ndipo m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba munthu ayenera kupereka pulani ku khonsolo ndi kulandira cilolezo asanaonjeze nyumba. Comangidwa popanda cilolezo cikhoza kugwetsedwa, ndipo ndalama zanu zipita ndi pfumbi.

Nzoona kuti anthu ambiri amadandaula za kucedwa kwa zilolezo, ndi kuti munthu wamba amaopa pakhomo pa ofesi. Apa nawonso akulu a makhonsolo amve. Mukafuna kuti anthu adze kwa inu asanamange, afupikitsireni njira, alankhuleni m'cinenero cao, ndipo fikani pamene ngalande iri kukumbidwa, osati pamene denga latha. Koma kucedwa kwa ofesi sikulimbitsa khoma lanu. Cilolezo cikacedwa, kacifunseninso. Musabwezere ofesi pogwetsera ana anu nyumba.

ZOYENERA KUCITA

Yambani ndi kukhala pansi ndi a m'nyumba mwanu. Amai ndiwo adziwa kumene utsi umapita, pamene madzi amaima, ndi poyanika ufa. Mutu umodzi susenza denga. Mvanani poyera za mwini malo, makamaka ngati mukhala pa cikamwini kapena pa malo a makolo, kuti ana asadzalimbane inu mutapita. Wokhala m'nyumba ya lendi asaike njerwa ngakhale imodzi popanda kalata ya mwini wace.

Dzifunseni ngati kuphatika nkofunikadi. Malo akalipo, kanyumba kapadera kamaposa cipinda cophatika: sikaboola khoma, sikatseka zenera, sikasokoneza denga.

Lembani nyumba yonse monga mufuna kuti idzakhale, ngakhale mudzamanga cipinda cimodzi caka cino ndi cina patapita zaka zitatu. Mukatero maziko, makomo ndi denga zidzayembekezana. Uzani anansi musanakumbe, ndipo onani malire pamodzi.

Werengani mtengo wa zonse kufikira citseko ndi loko, nimuonjeze gawo limodzi la magawo 10 la zodzidzimutsa. Sonkhanitsani njerwa, miyala, mcenga ndi malata poyamba. Simenti mugule potsiriza, pakuti ikakhala miyezi itatu imayamba kufooka, ndipo ikagwidwa ndi cinyezi isanduka mwala. Mangani m'cilimwe, kuyambira Meyi kufikira Okutobala. Musasasule denga mitambo itayamba kusonkhana.

Pangano lanu ndi mmisiri lilembedwe pa pepala, pamaso pa mboni. Lipirani nchito imene yatha: maziko akatha, bimu ikatha, denga likatha. Musapereke zonse poyamba. Inu amene mwaphunzira kuwerenga ndi kulemba muli akulu, apa ndipo pamene sukulu yanu idzakubwezerani phindu. Mukhoza kuwerenga nambala ya pa lata, kuwerenga ndowa za mcenga, ndi kulemba dzina lanu pa pangano limene mwalimva.

Safunsa anadya phula. Funsani wa ku khonsolo, funsani mlangizi wa zaumoyo, funsani nkhalamba imene idziwa kumene madzi anafika caka ca cigumula. Ndalama zikacepa, dikirani caka cina. Kuthithikana m'nyumba yocepa koma yolimba nkwabwino kuposa kutambalala m'nyumba yong'aluka. Cipinda cimene mumanga lero mudzagona adzukulu anu amene simunawaone. Cimangeni monga ngati mwawaona kale.